Mafunso ndi Mayankho: Ndani adzawalankhulira amayi anga akaimba foni ya ngozi?

Mwezi uno makalata angapo afika ndi nkhawa yofanana, yokhudza makolo okalamba ndi abale aulumali amene amatsala okha panyumba pamene ena apita kuntchito. Ambiri mwa makalatawa achokera kwa abale athu okhala kunja, ndipo tasankhapo anayi.

FUNSO: Akonzi, ine ndimakhala ku Indiana m'dziko la America, komwe ndimagwira ntchito yosamalira odwala. Amayi anga, omwe ali ndi zaka 78, anabwera kudzakhala nafe atadwala sitiroko. Amayenda ndi ndodo, mawu amatuluka movutikira, ndipo Chingerezi amangomvako pang'ono. Timakhala m'nyumba yosanja, ndipo masiku ena amatsala okha kwa maola ambiri. Mnzanga wina wa kutchalitchi wandiuza kuti ndiwalembetse ku Smart911. Kodi chimenechi n'chiyani, chimathandizadi, ndipo sikudzakhala kuulula zinsinsi za banja lathu kwa anthu osawadziwa? — Mayi wa ku Indiana

YANKHO: Amayi, mwachita bwino kufunsa zinthu zisanavute. Kuti yankho limveke, tiyambe taona zimene zimachitika foni ya 911, nambala yoitanira thandizo pangozi ku America, ikalira. Nambala imeneyi inayamba kugwira ntchito mu February 1968 m'tauni ya Haleyville ku Alabama, nthawi imene mafoni anali amawaya, iliyonse yokhazikika pa nyumba yake. Patapita zaka, makina anakonzedwa kuti munthu akaimba ndi foni ya m'nyumba, adiresi yake izioneka yokha pa kompyuta ya wolandira foniyo. Lero zinthu zinasintha. Chaka chilichonse anthu a ku America amaimba 911 maulendo pafupifupi 240 miliyoni, ndipo m'madera ambiri mafoni 80 kapena kuposerapo pa 100 alionse amakhala a m'manja. Foni ya m'manja imalozera dera limene munthu ali, nthawi zina molondola ndithu, koma kawirikawiri siinena kuti munthuyo ali pa nsanja yachingati, khomo lake ndi liti, kapena kuti chitseko chapansi chimatsegulidwa bwanji. Zonsezi wolandira foni amayenera kuzimva pakamwa pa woimbayo, pamodzi ndi vuto limene lagwa. Munthu amene sitiroko inamulemetsa lilime, amene waphwa mpweya, kapena amene mantha amuiwalitsa Chingerezi chochepa chimene amadziwa, amalephera pamenepa, ngakhale kuti foni wakwanitsa kuimba.

Smart911 inakonzedwa kuti itseke mpata umenewu. Ndi ntchito ya kampani ya Rave Mobile Safety ya ku Massachusetts, imene inagulidwa ndi Motorola Solutions mu 2022, ndipo Arkansas ndi imene inayamba kuigwiritsa ntchito m'chigawo chake chonse mu 2012. Amene amalipira ndi akuluakulu a dera kapena a chigawo, inu simulipira kanthu, komanso palibe lamulo lokukakamizani kulembetsa. Mumalowa pa intaneti kapena pa foni, n'kulemba mbiri ya banja lanu pasadakhale: anthu okhala m'nyumbamo, nambala za mafoni awo, adiresi, matenda, mankhwala, ndi china chilichonse chimene mukuona kuti opulumutsa anthu ayenera kudziwa. Tsiku limene wina adzaimbe 911 ndi foni imene inalembetsedwa, mbiriyo idzaonekera yokha pa kompyuta ya wolandira foni, ndipo iye angathe kuuza a ambulansi, ozimitsa moto kapena apolisi zofunikazo akadali m'njira. Choncho ngakhale amayi atangodina 911 n'kulephera kutulutsa mawu, munthu wa mbali inayo adzadziwa kuti woimbayo ndi mayi wokalamba amene anadwalapo sitiroko, wokhala pa khomo lakuti, ndipo sadzaganiza kuti ndi mwana amene akuseweretsa foni.

Phindu lonse lagona pa zimene mudzalembemo, n'chifukwa chake tichedwapo pang'ono. Yambani ndi njira yofikira kwa iwo: nambala ya nyumba, nsanja, nambala ya khomo, manambala otsegulira chitseko chapansi ngati alipo, kumene kiyi wapadera amasungidwa, ndi chipinda chimene amagona. Izi zimaoneka zazing'ono, koma mtima wa munthu ukaima, mwayi wake wopulumuka umachepa ndi magawo 7 mpaka 10 pa 100 mphindi iliyonse imene yadutsa asanathandizidwe, ndipo mphindi zambiri zimatayika opulumutsa ataima pachitseko chokhoma. Lembani kuti amayi sangathe kutsika masitepe okha, pakuti moto ukabuka chikepe sichigwiritsidwa ntchito, ndipo ozimitsa moto ayenera kudziwiratu kuti pali munthu wofunika kunyamulidwa.

Kenako lembani za thupi lawo monga lilili masiku onse. Ngati mkono wakumanja unafooka kale, kapena ngati kulankhula movutikira ndi mmene alili kuyambira pamene anadwala, nenani choncho, kuti a ambulansi athe kusiyanitsa chilema chakale ndi sitiroko yatsopano. Mayina a mankhwala akopereni kuchokera pa botolo, osati pamtima. Anthu ambiri amene anadwalapo sitiroko amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana, monga warfarin, ndipo chimenechi n'chofunika kwambiri kuti madokotala achidziwe msanga, chifukwa munthu wotero akagwa n'kumenyetsa mutu akhoza kukha magazi m'kati, komanso chifukwa mankhwala osungunula magazi oundana, amene kawirikawiri amaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka sitiroko itayamba, sangaperekedwe mwachisawawa kwa iye. Ngati ali ndi matenda a shuga ndipo amabaya insulin, ngati pali mankhwala amene thupi lawo limadana nawo, kapena ngati m'nyumba muli botolo la okosijeni, lomwe ndi loopsa pamoto, zonsezi zilowemo.

Musaiwale chilankhulo. Malo ambiri olandirira mafoni a 911 amatha kulumikiza womasulira pa foni, koma amayamba adziwa kuti woimbayo akulankhula chinenero chanji, ndipo wolandira foni wa ku Indiana sangachizindikire Chichewa pongochimva. Lembani kuti amalankhula Chichewa, muwonjezere dzina lakuti Nyanja popeza mabungwe ena omasulira amachilemba choncho, ndipo muikepo nambala yanu ndi ya munthu wina wachiwiri amene amayankha foni nthawi imene inu muli pantchito.

Tsopano tinene malire ake, chifukwa sitikufuna kuti mugone tulo podalira chinthu chimene sichikugwira ntchito kwanuko. Si madera onse a ku America amene ali ndi Smart911. Mbiri imaonekera kokha ngati foni yalandiridwa ndi malo amene analowa m'dongosololi, choncho yambani mwafufuza poika zip code yanu (nambala ya dera lanu ya pa adiresi) pa tsamba lawo, kapena imbani nambala wamba ya apolisi a m'dera lanu, osati 911, n'kufunsa. Madera ena amene alibe Smart911 ali ndi kaundula wawowawo wa anthu okalamba ndi aulumali, ndipo adzakuuzani mmene mungalembetsere. Chachiwiri, mbiriyo imayendera nambala ya foni. Amayi akadzagwa pakhonde, woyandikana nawo nyumba n'kuimba ndi foni yake, palibe chimene chidzaoneke. Pa chifukwa chimenechi lembetsani mafoni onse a m'banjamo, ndipo sungani pepala la matenda ndi mankhwala pachitseko cha firiji, pamene a ambulansi ambiri anazolowera kuyang'ana, komanso mudzaze malo a mbiri ya zaumoyo amene ali mu iPhone ndi m'mafoni a Android, amene amatha kuwerengedwa foni ili yokhoma. Chachitatu, a Smart911 amapempha kuti mbiri izitsimikizidwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Uthenga wokumbutsa ukabwera musaunyalanyaze. Ife tikuona kuti mbiri yakale ndi yoopsa kuposa kusakhala nayo, pakuti ambulansi yotumizidwa ku nyumba imene munasamukako, kapena dokotala wokhulupirira mankhwala amene anasiyidwa chaka chatha, akhoza kuvulaza munthu amene amafuna kumuthandiza.

Za zinsinsi, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo anthu ambiri okhala m'dziko la eni ali nayo. Malinga ndi mmene dongosololi linakonzedwera, wolandira foni sangangotsegula mbiri yanu pamene wafunira. Imaonekera mukaimba 911, ndipo imapita kwa amene akutumizidwa kudzathandiza. Tinene mosabisa kuti ena mwa amenewa akhoza kukhala apolisi. M'madera ena mulinso mwayi wovomereza kuti akuluakulu oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi aziona mbiriyo pokonzekera mphepo zamkuntho kapena kuzima kwa magetsi, ndipo izi mumasankha nokha. Chachikulu n'chakuti inu ndi amene mumasankha zolemba. Ikanimo zokhazo zimene zingapulumutse moyo, ndipo chimene sichikukhudza thandizo lamwamsanga chisiyeni. Koma musanalembe chilichonse, khalani pansi ndi amayi, muwafotokozere m'Chichewa zimene mukufuna kuchita ndipo muwawerengere zimene mwalemba. Matendawo ndi awo, ndipo kulemera lilime sikunawachotsere ufulu wonena inde kapena ayi. Pamenepo muwaphunzitsenso kuti akaimba 911 asadule foni ngakhale atalephera kuyankha mafunso.

FUNSO: Akonzi, ndine bambo wa zaka 41, ndimayendera njinga ya anthu aulumali chichitireni ngozi ya galimoto, ndipo ndimakhala ndekha ku Texas. Achibale akundikakamiza kuti ndilembetse mbiri yotereyi, koma ine sindikudwala. Ndimagwira ntchito ndipo ndimadzisamalira. Ndatopa ndi kulembedwa m'makaundula ngati munthu wovutika. Kodi ndikulakwa? — Bambo wa ku Texas

YANKHO: Bambo, simukulakwa, ndipo achibale anu alibe mphamvu yokulemberani popanda chilolezo chanu. Dongosololi ndi la kufuna kwa munthu mwini, ndipo likasanduka lokakamiza ndiye kuti lataya ulemu umene limayenera kuteteza. Komabe tikupemphani kuti muliganizire mwa njira ina. Mbiri imeneyi si ya odwala okha; makolo amalembetsa ana awo, ndipo anthu amphamvu zawo amalemba za njira yolowera kunyumba kwawo ndi za agalu amene ali pabwalo. Kwa inu, ndi malo amene mungauziretu opulumutsa mmene mukufuna kuti akugwireni: kuti akunyamuleni bwanji osavulaza msana, kuti njinga yanu isasiyidwe m'mbuyo chifukwa popanda iyo mukafika kuchipatala mudzadalira anthu pa chilichonse, ndiponso kuti azilankhula ndi inu mwini osati ndi amene waima pambali panu. Ngati msana unavulala pamwamba, dokotala wanu ayenera kuti anakuuzani za vuto la kukwera kwa magazi mwadzidzidzi limene limagwera anthu otero, ndipo si onse othandiza pangozi amene amaliganizira msanga. Mukalemba nokha, mawu amene adzawerengedwe tsiku limenelo adzakhala anu. Mukasankha kusalembetsa, chisankhocho chilemekezedwe.

FUNSO: Akonzi, ife tili ku Manchester. Bambo anga ayamba matenda oiwalaiwala, ndipo posachedwapa anatuluka m'nyumba m'mamawa akunena kuti akupita kumunda. Tinawapeza patali atazizidwa. Komanso mwana wanga wamkazi wa zaka 19 ali ndi ulumali wosamva, ndipo nthawi zambiri ndi amene amatsala ndi agogo akewo. Kodi kuno ku Britain kuli njira yonga ya ku America? — Bambo wa ku Manchester

YANKHO: Bambo, pepani ndi zimene munakumana nazo. Ku Britain, komwe nambala ya ngozi ya 999 inayamba mu 1937 mumzinda wa London, thandizo lotere lilipo koma linagawikana m'njira zingapo, ndipo mudzafunika kuziphatikiza.

Za bambo anu, funani fomu ya Herbert Protocol, imene imapezeka pa masamba a intaneti a apolisi. Inayambira ku Norfolk, ndipo inatchedwa dzina la George Herbert, msilikali wakale amene anamenya nawo nkhondo ku Normandy ndipo anali ndi matenda omwewa. Banja limadzaza fomuyo mtima uli m'malo, n'kuisunga pamodzi ndi chithunzi chaposachedwa, ndipo limaipereka kwa apolisi tsiku limene munthuyo wasowa. Mumalembamo maonekedwe ake, mankhwala, malo amene amakonda kupita, kumene anapezeka ulendo wapita, ndi zinthu zakale zimene maganizo ake amabwererako. Zimene mwatiuza za kumunda zilembeni ndithu, chifukwa munthu amene akufunafuna munda akhoza kulowera kumapaki kapena m'mbali mwa ngalande, ndipo ofufuza akadziwa zimenezi amayambira koyenera. Lembaninso dzina limene amayankhira, popeza mkulu wa kwathu akhoza kusatembenuka mlendo akamuitana ndi dzina loyamba koma n'kuyankha msanga akamva mfunda wake, komanso nenani kuti matendawa akamakula, munthu amatha kubwerera ku chilankhulo chimene anayamwira n'kusiya Chingerezi. Akadzasowanso, imbani 999 nthawi yomweyo. Palibe lamulo lakuti mudikire maola 24.

M'nyumba muikemo kabotolo ka Message in a Bottle, kamene mabungwe a Lions Clubs amagawa kwaulere kudzera m'malo ambiri ogulitsira mankhwala ndi kwa madokotala. M'kati mwake mumakhala pepala la matenda ndi mankhwala, kabotoloko kamasungidwa m'firiji, ndipo timapepala ta mtanda wobiriwira timamatidwa kuseri kwa chitseko chachikulu ndi pa firijipo kuti a ambulansi adziwe. Pemphaninso dokotala wa banja kuti, bambo atavomereza, awonjezere zofunika mu Summary Care Record yawo, mbiri yachidule ya zaumoyo imene ogwira ntchito zachipatala ku England amatha kuiona pa nthawi ya ngozi.

Mwana wanu alembetse foni yake lero lomwe ku emergencySMS. Atumize mawu akuti register ku 999, awerenge uthenga umene ubwere, kenako ayankhe kuti yes. Akatero adzatha kuitana thandizo polemba uthenga, koma popanda kulembetsa pasadakhale njirayi siigwira ntchito. Ngati amalankhula chinenero chamanja cha ku Britain, kuyambira mu June 2022 kuli 999 BSL, imene imamulumikiza ndi womasulira pa kanema, ndipo womasulirayo amalankhula ndi wolandira foni m'malo mwake. Tiwonjezere chimodzi chimene simunafunse: mtsikana wa zaka 19 asasenzetsedwe yekha udindo wolondera agogo amene amatha kutuluka mwakachetechete pamene iye sangamve chitseko. Alipo mabelu apachitseko amene amawalitsa nyali kapena kunjenjemeretsa foni, ndipo khonsolo ya m'dera lanu ili ndi udindo wounika zosowa za bambo anu komanso za owasamalira mukapempha.

FUNSO: Akonzi, zonsezi timazimva kwa abale a kunja. Ine ndili ku Mulanje ndipo ndimasamalira agogo anga osaona ndi amalume amene amadwala khunyu. Nanga ife tingachite chiyani? — Mayi wa ku Mulanje

YANKHO: Amayi, njira yonga Smart911 imadalira makompyuta ndi maadiresi a nyumba, pamene kwathu nyumba zambiri zimalondoleredwa ndi chigayo, mjigo kapena tchalitchi. Koma nzeru yake, yakuti amene adzabwere kudzathandiza adziwiretu za munthuyo, ndi yotheka kumudzi, chifukwa oyamba kufika pangozi amakhala oyandikana nawo nyumba, wakabaza, mlangizi wa zaumoyo ndi a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Inu a ku Mulanje mukukumbukira namondwe wa Freddy mu March 2023, amene anasiya anthu oposa theka la miliyoni opanda pokhala m'chigawo cha kum'mwera, ndipo mukudziwa kuti madzi ndi matope akabwera, amene sangathe kuthamanga kapena kuona njira ndi amene amatsalira. Pitani kwa amfumu ndi kwa a komitiyo mvula isanayambe, agogo ndi amalume atavomereza, mukawauze kuti pakhomo panu pali munthu wosaona, ndipo mugwirizane dzina la munthu weniweni amene adzawatsogolere, ndi wina wolowa m'malo mwake akadzakhala kuti wachokapo. Kungonena kuti anthu adzathandiza sikukwanira, chifukwa pachipwirikiti aliyense amaganiza kuti mnzake wapitako kale.

Mabuku awo a kuchipatala muwasunge m'pulasitiki, pamalo amodzi odziwika kwa onse a m'nyumba, ndipo pempheni adokotala kapena anamwino kuti alembe momveka bwino dzina la mankhwala a khunyu ndi mlingo wake. Pachikuto lembanipo nambala ziwiri za foni. Amalume aziyenda ndi kapepala m'thumba konena za matenda awo ndi kumene amakhala. Oyandikana nanu muwafotokozere zoyenera kuchita akagwa: kuwachotsa pafupi ndi moto kapena madzi, kuwatsamiritsa mutu pa chinthu chofewa, kusawaika kanthu kalikonse m'kamwa, ndi kuwagoneka chammbali kugwedezeka kukatha. Muwatsimikizire kuti khunyu silipatsirana pogwira wodwala kapena malovu ake, chifukwa mantha amenewa ndi amene amachititsa kuti anthu azingoonerera wina akupsa. Kugwedezeka kukapitirira mphindi zisanu, kapena kukabwereza munthu asanatsitsimuke, afunika kuthamangira naye kuchipatala, choncho nambala ya wakabaza kapena mwini galimoto amene amadzuka usiku ikhale yolembedwa pakhoma, osati m'foni ya munthu mmodzi yekha.

Ngati agogo atayamba kuiwala kapena kusochera usiku, uzani amfumu ndi a chitetezo cha m'mudzi mwamsanga kuti ndi matenda a ukalamba. M'dziko muno okalamba ena amenyedwapo, ena kuphedwa kumene, atapezeka pakhomo pa eni usiku n'kuganiziridwa kuti ndi mfiti. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu angathe kupita nanu kwa amfumu kukafotokoza za matendawa, ndipo ndi bwino kuti nkhaniyo inenedwenso pa msonkhano wa mudzi agogowo akadali pakhomo.